Kukaona nyama za m'madzi kuchokera ku Zomba: Liwonde, Chilwa, Cape Maclear kapena Quelimane?

Tchuthi chikayandikira, achibale ndi anzanga a kuno ku Zomba sasowa kundifunsa kuti: "Galimoto ilipo, mafuta tapezako, ana akufuna kukaona mvuu. Tilowere kuti?" Ambiri akamafunsa amakhala atasankha kale Mangochi mumtima, poti kwa ife mawu akuti "kunyanja" amatanthauza kumeneko basi. Komatu kusamba m'nyanja ndi kuona nyama si ulendo umodzi. Ndaonapo banja likuwotcha malita 40 a petulo kupita ku Cape Maclear, n'kubwerako ana akudandaula kuti mvuu sanaione, pamene popita ndi pobwera pomwe anadutsa pa mlatho wa Liwonde, mvuu zikufwenthera chapafupi pomwepo.

Malo amene munthu wa ku Zomba angafikeko pa galimoto yake, okhala ndi tauni kapena doko m'mphepete mwa madzi komanso zamoyo zoti n'kuziona, ndikuwerengapo anayi: Liwonde pa mtsinje wa Shire, Kachulu pa nyanja ya Chilwa, Mangochi mpaka Cape Maclear, ndi Quelimane ku Mozambique kwa ofuna nyanja yamchere yeniyeni.

Muyeso wake

Malo aliwonse ndawayesa pa zinthu zinayi. Choyamba ndi ndalama. Mitengo sindiilemba m'makwacha, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene walembedwa lero umasanduka bodza mwezi usanathe. Ndiwerengera m'malita, poganiza kuti galimoto yanu imayenda makilomita 12 pa lita imodzi, ndiye inu muchulukitsa ndi mtengo wa pa pampu tsiku limenelo. Chachiwiri ndi kufikako: msewu wake ndi wotani, nyengo iti, ndipo nyamazo zimaoneka liti. Chachitatu ndi chisamaliro, kutanthauza zimene galimoto ndi anthu ake akufunika asananyamuke komanso akabwerako. Chachinayi ndi ziopsezo.

Pa zinayizi, chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi nyengo. Malo omwewo mu Okutobala ndi mu Febuluwale amakhala ngati maiko awiri.

Liwonde

Ndalama. Kuchokera ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 55 pa msewu wa M3, kudzera ku Songani, Domasi, Malosa ndi Machinga. Kupita ndi kubwera ndi malita ngati 10, ndipo mukawonjezera kuzungulira m'paki ya nyama zakuthengo ya Liwonde konzekerani 15. Pachipata pali cholipira cha munthu aliyense ndi cha galimoto. Mzika za dziko lino zimalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi alendo akunja, koma nyamulani chiphaso cha unzika, chifukwa kulankhula Chichewa si umboni. Chimene chimadya ndalama ndi boti lokaonera nyama pa mtsinje. Amalipiritsa pa mutu kapena pa boti lonse, choncho mukakhala mabanja awiri mtengo umapepuka. Ubwino waukulu ndi wakuti simufunika kugona: mutha kunyamuka m'mamawa n'kudzadyera mgonero kwanu.

Kufikako. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 548. Kuyambira mu 2015 ikuyendetsedwa ndi African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo. Amene munapitako kalekale, nthawi imene misampha ya waya inali ponseponse, mukadabwa. Akakwiyo anabwezeretsedwamo mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zina 17 zinabwera kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu inafika mu 2021. Njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsa: gulu lina linapita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo 263 zinapita ku Kasungu mu 2022. Koma musauze ana kuti akaona mkango. Mikango, akakwiyo ndi zipembere zimafuna mwayi ndi mlonda wodziwa kumene zagona. Zimene mungalonjeze osaopa kuchita manyazi ndi mvuu, ng'ona, nswala, njiri, anyani ndi nkhwazi, ndipo m'chilimwe njovu.

Chipata cha kummwera chili makilomita ochepa kuchokera m'tauni. Mbali ya ku Mvuu, malo ogona alendo a pakati pa paki, amafikanso podzera ku Ulongwe n'kuwoloka Shire pa boti. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, zithaphwi za m'tchire la mitsanya zimauma, nyama zonse n'kutsikira kumtsinje. Imeneyo ndiye nthawi yake, ngakhale kutentha kwa Liwonde mu Okutobala kumamufooketsa munthu wozolowera kamphepo ka m'munsi mwa phiri la Zomba. Mvula ikagwa misewu ina ya m'paki imatsekedwa, udzu umatalika, koma boti limayendabe.

Boti ndilo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Ulendo wina tinakwera chakumadzulo pafupi ndi baraji ya Kamuzu, ija inamangidwa mu 1965 kuti izilamulira madzi opita ku Nkula ndi malo ena opangira magetsi. Titakwera mtsinje kwa kanthawi, woyendetsa anazimitsa injini n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, mugwire mwanayo, asaike dzanja m'madzi." Ife tinkaona ngati miyala yakuda itandandalika pafupi ndi bango. Mwala umodzi unagwedeza timakutu, kenaka n'kuyasamula kukamwa konse, mano achikasu ngati mipini ya makasu. Mphwanga amene anali wolongolola njira yonse anangoti zii, foni ili m'manja, kuiwala kujambula. Kutsidya, njovu zitatu zinali m'madzi mpaka m'mimba, zikuzula udzu n'kumaukuntha kuti matope achoke zisanadye, migwalangwa itaima kumbuyo kwake. Pa galimoto simungayandikire chotero.

Chisamaliro. Galimoto yotsika ngati Vitz kapena Sienta imafika m'tauni ndi pa boti popanda vuto. M'paki, nthawi yachilimwe, imayenda mosamala, koma mimba yake imakhula pansi m'malo ena. Onani tayala lapadera ngati lili ndi mpweya, jeke ndi sipanala, ndiponso madzi a mu rediyeta, poti kuyenda pang'onopang'ono dzuwa lili pamutu kumatenthetsa injini. Msewu wa Zomba kukafika ku Liwonde uli ndi njinga zambiri ndi anthu oyenda m'mbali, ndiye si woyenda usiku.

Ziopsezo. Musatsike m'galimoto pamalo osaloledwa, ngakhale mwana atapanikizika. Njovu ya mwana ikatambasula makutu, bwererani m'mbuyo, osaliza hutala. Kashembe amaluma ndipo amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, choncho valani zotuwa. Pa boti funsani majekete oyandamitsa musanakwere. Akakhala kuti palibe, musakwere. Ndipo Shire sasambamo.

Kachulu ndi nyanja ya Chilwa

Ndalama. Apa ndiye potsika mtengo kuposa ponse. Ndi makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Zomba, malita 5 kapena 6 kupita ndi kubwera. Chipata cholipira palibe. Mumangogwirizana mtengo ndi mwini boti, ndipo mugwirizane wa kupita ndi kubwera komwe musanaponde m'botimo.

Kufikako. Mumakhota ku Matawale n'kutsika chigwa, njira yake yambiri ndi yafumbi. Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi Sombani imathiramo, koma madzi amachoka ndi dzuwa lokha, n'chifukwa chake ndi amchere pang'ono, osaya komanso amatope. Imakula ndi kuchepa motsatira mvula. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Choncho musanapite funsani ogulitsa matemba mumsika wa Zomba kuti madzi ali pati chaka chino. Iwowo amadziwa kuposa wina aliyense.

Kuno kulibe njovu, ndipo amene akufuna nyama zikuluzikulu akabwerako atakhumudwa. Chuma cha Chilwa ndi mbalame. Mu 1997 anaiika pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar, malo oyamba m'Malawi muno kulandira ulemu umenewu. Akakowa, avuwo, atsekwe ndi abakha am'madzi amapezeka ochuluka, ndipo miyezi ya dzinja kumabwera mbalame zina zothawa chisanu cha ku Ulaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mufike m'mamawa, boti liyende m'ngalande za pakati pa njedza injini itazima, mwini wake akukankha ndi mponda. Mukaonanso zimbowera, tinyumba toyandama tomwe asodzi amamanga pa udzu wa m'madzi n'kukhalamo masabata angapo akuwedza matemba, makumba ndi milamba. Pachilumba cha Chisi pali midzi, mapiri ndi milambe, ndipo boti la anthu wamba limapitako kuchokera pa doko.

Chisamaliro. Mukabwerako tsukani kunsi kwa galimoto ndi kupuntha fyuluta ya mpweya. Chakudya ndi madzi akumwa nyamulani kuchokera kunyumba. Malo ogona a alendo musawayembekezere. Uwu ndi ulendo wa tsiku limodzi.

Ziopsezo. Matope. Ndinapitako mu Febuluwale wina ndi galimoto yotsika, nditanyozera malangizo a mlamu wanga. Pobwerera mvula inatipeza, dothi lakuda lija linagwira matayala ngati ulimbo. Anyamata asanu ndi mmodzi anatikankha, aliyense ndi mtengo wake, ndipo ndalama imene ndinkati ndapulumutsa posapita ku Liwonde inathera pomwepo. Chinanso, maboti a pa doko nthawi zina amadzaza mopyola muyeso, anthu, njinga ndi matumba pamodzi, ndipo mphepo ikauka nyanja yosayayi imachita mafunde oipa. Kolera wakhala akuvuta m'dera limeneli, kotero madzi a m'nyanja musamwe kapena kutsukira zipatso.

Mangochi, Monkey Bay ndi Cape Maclear

Ndalama. Boma la Mangochi lili pa makilomita pafupifupi 130, ndipo kukafika ku Cape Maclear ndi kupitirira pang'ono 200. Konzekerani malita 35 mpaka 40. Muyenera kugona, usiku umodzi kapena awiri, ndipo apa ndi pamene ndalama imathera. Mitengo ya malo ogona imakwera pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano, pa Isitala ndi pa tchuthi cha Tsiku la Amayi mu Okutobala, pamene magombe amadzaza mpaka kusowa poponda. M'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear komweko, muli malo a mitengo yosiyanasiyana, ena olola kukhoma tenti. Kulowa mbali ya paki ya Lake Malawi kuli cholipira chake, boti la kuzilumba lilinso ndi chake.

Kufikako. Msewu wa Liwonde kukafika ku Mangochi unakonzedwa ndipo umayendeka chaka chonse. Imani pang'ono pa boma, pamene kale pankatchedwa Fort Johnston: nsanja ya wotchi ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo nyumba yosungiramo mbiri ya nyanja ili chapafupi. Apa Shire wangotuluka kumene m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe. Musanafike ku Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala, mumakhota kumanzere kulowa m'mapiri, njira yokhotakhota ya makilomita pafupifupi 18 yomwe anyani amakhala m'mbali mwake.

Paki ya Lake Malawi inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Nyama zake zenizeni zili pansi pa madzi. Ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala tamitundu yowala, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tomwe mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko. Pa Otter Point kapena pa chilumba cha Thumbi, mukavala galasi loonera m'madzi n'kumiza nkhope, timakuzungulirani ngati njuchi. Oyendetsa maboti amaimba likhweru n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika kudzaiwakha pamaso panu. Ana amakondwa nazo kwambiri, ngakhale ine ndimaona ngati nkhwazizo zasanduka antchito a ganyu. Manda a amishoni a Livingstonia, amene anayamba kukhazikika pano mu 1875 malungo asanawathamangitsire kumpoto, ali pafupi ndi chipata cha paki.

Nyanja imakhala bata ndi yoyera kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umawomba, madzi amazizira, ndipo maboti ang'onoang'ono amavutika. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi malo ena ogona m'boma la Mangochi, choncho imbani foni kufunsa ngati mchenga umene mwauona pa chithunzi ukadalipo.

Chisamaliro. Uwu ndi ulendo wofuna galimoto ya sevisi yatsopano, mabuleki abwino chifukwa cha mapiri a ku Chembe, ndi mapepala onse: layisensi, inshuwalansi ndi COF, poti malodibuloko alipo angapo. Nthawi ya kusowa kwa mafuta musanyamuke ndi theka la thanki poganiza kuti mukathira kutsogolo. Tengani ndalama m'manja ku Mangochi, ndipo nyamulani neti ngati mukukayika za kumene mukagone.

Ziopsezo. Likodzo lilipo, makamaka m'madzi osaya a kutsogolo kwa mudzi ndi m'mabango. Mukasamba, pitani kuchipatala patapita miyezi iwiri kapena itatu mukayezetse kapena kulandira mankhwala a praziquantel. Kumwa tsiku lomwelo sikuthandiza chifukwa tizilomboto timakhala tisanakhwime. Malungo ndi ochuluka kuposa ku Zomba. Koma choopsa kwambiri pa maholide ndi mowa ndi madzi. Anthu a kumtunda ambiri sitidziwa kusambira, ndipo pansi pa nyanja pamatsetsereka mwadzidzidzi.

Quelimane

Ndawaikapo malowa chifukwa alipo anthu amene mtima wawo uli pa nyanja ya mafunde amchere, ndipo gombe la Indian Ocean loyandikira kwa munthu wa ku Zomba lili cha kumeneku.

Ndalama. Ndi makilomita pafupifupi 500 kupita kokha: Jali, Phalombe, Chitakale, chipata cha Muloza, kenaka Milange, Mocuba, Nicoadala mpaka Quelimane. Malita 85 ndi poyambira chabe. Onjezani inshuwalansi ya galimoto ya ku Mozambique, yomwe mumagula pachipata chifukwa dzikolo silili mu COMESA ndipo khadi yachikasu ya inshuwalansi ya maiko a bungweli sigwira ntchito, chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, ndi masiku osachepera anayi ogona ndi kudya m'ndalama ya metical. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, apa ndi pamene ulendo wa ambiri umathera.

Kufikako. Amalawi safunika viza pa ulendo waufupi, koma pasipoti ikufunika kwa aliyense, ana omwe. Ku Milange Chichewa chimamveka bwinobwino. Mukapitirira Mocuba ndi Chipwitikizi ndi Chichuwabo. Quelimane ndi likulu la chigawo cha Zambézia, ili m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, dzina limene Vasco da Gama anaupatsa mu 1498, ndipo ndi kumene David Livingstone anathera ulendo wake wodutsa Africa mu 1856. Tauniyi siili pagombe penipeni. Nyanja mumakaipeza ku Zalala, makilomita pafupifupi 30, kudutsa m'minda ya kokonati. Ndi tauni ya njinga za kabaza zosawerengeka, ndi nkhuku yootcha yothira mkaka wa kokonati yomwe mudzaikumbuka. Za nyama, ndinene mosabisa: ndi mitengo yomera m'madzi amchere, nkhanu, mbalame za m'matope ndi nsomba za pamsika. Liwonde imaposa kutalitali.

Chisamaliro. Galimoto ikhale yoti mumaidalira, chifukwa kufotokozera makaniko vuto la giya m'chilankhulo chimene simuchidziwa si masewera. Malamulo a kumeneko amafuna matrayango awiri ndi jekete yonyezimira. Ngati galimoto si ya dzina lanu, tengani kalata ya mwini wake. Mukabwerako tsukani mchere kunsi, apo ayi dzimbiri liyamba.

Ziopsezo. Kuyambira Januwale mpaka Marichi ndi nyengo ya anamondwe. Freddy, amene anatipweteka mu Marichi 2023, anatera pamtunda pafupi ndi Quelimane asanafike kwathu kuno. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho zinatseka misewu yambiri m'dzikolo, choncho mverani nkhani musananyamuke. Musayende usiku, ndipo liwiro la m'matauni lisungeni ndithu.

Ndiye mulowere kuti?

Ngati muli ndi tsiku limodzi, ana, ndi galimoto yotsika, pitani ku Liwonde, ndipo ndalama ikakhala yosakwanira zonse ziwiri, siyani kuzungulira m'paki musankhe boti. Agogo amene savutika kukwera boti akasangalalanso kumeneko, bola mupewe dzuwa la masana mu Okutobala.

Ngati thumba lapyapyala, kapena ndinu mphunzitsi kaya wophunzira wa ku yunivesite wofuna kuona mmene anthu ndi dambo amakhalirana, Kachulu ikukwanirani, pakati pa Meyi ndi Ogasiti madzi akadali ambiri koma msewu utauma. Ana aang'ono oyembekeza njovu asiyeni kunyumba ulendo umenewu.

Ngati muli ndi masiku atatu ndipo pagulu panu pali ofuna kusamba ndi ofuna nyama, musasankhe chimodzi. Nyamukani m'bandakucha, kwerani boti la m'mawa ku Liwonde, idyani nkhomaliro ku Mangochi, dzuwa likamalowa muli ku Chembe. Zimangowonjezera mtengo wa boti, mafuta ndi omwewo. Kwa ongokwatirana kumene, sankhani sabata imene si ya holide.

Quelimane ndi ya anthu akuluakulu okhala ndi mapasipoti, sabata yathunthu, galimoto yolimba ndi madalaivala awiri, pakati pa Meyi ndi Okutobala. Mupite chifukwa mukufuna kulawa madzi amchere ndi kuona dziko lina. Ngati mwana wanu wapempha mvuu, mvuu zili pa ola limodzi kuchokera pa depoti ya Zomba.